Insulini wanga ndinakamusiya ndekha paguwa

Achemwali, nditangowerenga zoti abusa anu akuti kumwa mankhwala ndi kusamvera, manja anga ayamba kunjenjemera. Musasiye. Chonde musasiye ngakhale tsiku limodzi. Ine ndikulemba pano ndili ndi zala zitatu zokha kuphazi lamanzere, ndipo ziwiri zinazo sizinapite chifukwa cha shuga yekha ayi, zinapita ndi mawu omwewo amene mwauzidwawo.

Ambiri muno mumandidziwa ngati mayi wa mavesi, koma simudziwa kuti ndinali munthu wotani. Ndinali mtsogoleri wa opembedzera. Kusala kudya masiku atatu kwa ine kunali ngati kusamba m'manja. Munthu akadwala ndinkapita kukamuona inde, koma mumtima ndikumuyeza kuti ameneyu pali chimene akubisa. Panali mayi wina wa mphumu amene ndinamuuza pamaso pa anzathu kuti kachipangizo kake kopopera m'kamwa kaja ndi fano. Ndinanenadi, ndi pakamwa panga pano. Mfarisi wa pa Luka 18 uja ankasala kawiri pa sabata n'kumathokoza Mulungu kuti sali ngati anthu ena. Ine ndinkamuposa, ndipo fanizo limenelo ndinkaphunzitsa anzanga osadziona m'menemo ngakhale pang'ono.

Ndiye shuga anandipeza. Poyamba mapiritsi, kenako adokotala akuti mapiritsi sakukwaniranso, muyambe kudzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Manyazi amene ndinachita, ngati ndagwidwa ndikuba. Miyezi isanu ndinkadzibaya mobisa, chitseko chokiya. Tsiku lina ndinati ndikaulule kwa abusa, mwina andilimbitsa mtima. Anangotsegula 2 Mbiri 26, nkhani ya mfumu Uziya amene atakhala wamphamvu anadzikuza, n'kulowa m'kachisi kukafukiza lubani, khate n'kumubuka pamphumi. Akuti mayi, shuga wanuyu ndi khate la kunyada. Anatembenuza masamba, 1 Samueli 15:22, kumvera kuposa nsembe. Anatembenuzanso, Namani anachira atamvera n'kumira kasanu ndi kawiri mu Yorodano. Pomaliza Ahebri 13:17, mverani atsogoleri anu. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, kodi inu mukumvera Mulungu kapena jakisoni?

Apa ndinene zoona, chifukwa ndikangowanena iwo okha ndikhala ndikunama. Za kunyadazo sanalakwitse. Koma kunyada kwangako ndi kumene kunandivomeretsa. Pamene ankalankhula ine ndinali nditadziona kale nditaima kutsogolo, maikolofoni m'manja, ndikupereka umboni woti ndachira popanda mankhwala, anthu akulira. Sindinkafuna kuchira kokha, ndinkafuna kuchira mwa njira yoti ena andisirire. Lamulungu lotsatira ndinatenga timabotolo tanga ndi majakisoni, ndinakaziika paguwa ndekha, anthu anaimirira n'kuomba m'manja. Palibe mmodzi anandikoka dzanja n'kundinong'oneza kuti mwaganiza bwino?

Masiku oyamba ndinali kusala, ndiye pakamakina koyezera kaja nambala inatsikako pang'ono. Eee, ndinauza aliyense. Chimene sindinadziwe n'chakuti pansi pa chala changa panali kale kabala. Pa mapemphero a usiku wonse ndinkavula nsapato, ndipo ndinaponda chinachake osamva, chifukwa shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, ukhoza kuponda msomali n'kumayenda nawo. Sabata yachitatu ludzu linayamba, ludzu loti ukumwa madzi koma lilime louma ngati chikopa. Usiku kudzuka kukakodza kasanu ndi kamodzi. Maso kuchita chifunga, Baibulo osatha kuliwerenga. Kenako kusanza, m'mimba kupota. Ndinkati ndi nkhondo yauzimu.

Usiku umene sindidzaiwala ndinali chigonere pansi pafupi ndi chitseko cha bafa, ndalephera kubwerera pabedi. Ndinkapuma mozama komanso mothamanga ngati munthu wathamangitsidwa, osatha kudziletsa. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 14 panthawiyo, anagwada pambali panga akuti amayi, m'kamwa mwanu mukununkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo. Anandibaya chala mwiniwake, manja akunjenjemera, kamakina sikanaonetse nambala, kanangolemba kuti HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kupitirira pamene kamatha kuyeza. Ndinaona zilembo ziwirizo ndili chigonere. Anaimbira amayi busa, foni ili pasipika, ndinamva ndi makutu anga: ndi chiwanda chikutuluka, musamutengere kuchipatala, mukatero mwaononga zonse zimene wasala. Ndipo ine, ndi mpweya wotsalawo, ndinauza mwana wanga kuti mvera. Mwanayo anandiyang'ana, n'kudula foni, n'kutuluka panja usikuwo kukagogoda kwa aneba. Anavula sokosi yanga pondikweza m'galimoto, n'kukuwa. Zala ziwiri zinali zitada bii.

Ndinatsitsimuka ndili ndi madiripi m'mikono yonse iwiri. Adokotala anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndikufuna mumve ngakhale nthenda yanu ili ina. Thupi likasowa insulini silitha kugwiritsa ntchito shuga amene ali m'magazi, ndiye limayamba kuwotcha mafuta, mafutawo amatulutsa asidi, magazi n'kuyamba kuwawasa. Kupuma kozama kuja si chiwanda, ndi thupi likuyesetsa kuchepetsa asidiyo. Anati mukanagona pamenepo mpaka kucha tikanakamba zina. Patatha masiku anayi anadula zalazo.

Abusa sanabwere. Anatuma akulu ampingo awiri tsiku lotsatira opaleshoni. Anaima kumapazi kwa bedi, mpando ulipo koma sanakhale, wina maso ali pabandeji. Uthenga wake unali woti ndinakayika pakati panjira ngati Petro pamadzi, ndiponso kusamvera kwa mwana wanga ndi kumene kunadula chozizwitsa. Mwana amene anandipulumutsa! Ataimirira pomwepo ndi beseni m'manja! Kenako anawonjezera kuti abusa sanauzepo munthu kuti asiye mankhwala, timabotolo munabwera nato nokha. Pomaliza anandiuza kuti ndipumule kaye pa udindo wa opembedzera mpaka ndidziyese. Anapemphera mphindi imodzi n'kutuluka. Anzake a Yobu aja timawanyoza, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, koma iwo anayamba akhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula kanthu. Awa sanathe ndi mphindi khumi. Ndipo pitani mukawerenge Yobu 42:7, mukaone amene Mulungu anamukwiyira pamapeto pake, Yobu kapena ofotokoza chifukwa chimene Yobu akudwalira.

Mukudziwa amene anabwera? Mayi wa mphumu uja. Analowa, n'kuika chikwama pabedi, n'kutulutsa kachipangizo kaja n'kundionetsa, akuti fano langa lija ndabwera nalo, lilowe kapena lidikire panja? Ndinalira mpaka namwino anabwera kudzaona. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya mlomo ndipo ndinaupezadi, phazilo n'kudzalisiya pambuyo pake kuchipatala. Mayiyo sanandinyengerere ayi, anandiuza kuti mawu anga anamupangitsa kusiya kachipangizoko milungu iwiri mpaka anakagonekedwa, ine osadziwa n'komwe. Koma ankabwera tsiku lililonse kudzandisambitsa.

Chaka chathunthu ndinamukwiyira Mulungu, sindibisa. Nditayambanso kuwerenga ndinkawerenga ngati munthu wofufuza mlandu, ndipo ndinadabwa kuti mavesi enawa anali kuti nthawi yonse ija. Paulo, amene pa Machitidwe 19 nsalu zokhudza thupi lake zinkachiritsa odwala, yemweyo akulemba pa 2 Timoteo 4:20 kuti Trofimo ndinamusiya akudwala ku Mileto. Anamusiya akudwala! Epafrodito anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, pa Afilipi 2, ndipo Paulo sakuti anali ndi tchimo, akuti anthu otere muziwachitira ulemu. Timoteo ankadwaladwala m'mimba, Paulo sanamuuze kuti alape, anamuuza chochita ndi mimbayo. Luka amamutchula dokotala wokondedwa, m'Baibulo lakale lija analemba kuti sing'anga, osati amene kale anali dokotala asanalape. Ngakhale Hezekiya, Mulungu atalonjeza kale kumuonjezera zaka 15, Yesaya anati tengani nkhuyu muike pachithupsacho. Nanga ophunzira atafunsa pa Yohane 9 kuti anachimwa ndani kuti munthuyu abadwe wosaona, Yesu anayankha chiyani? Sanachimwe iye, kapena makolo ake. Abusa anga vesi limeneli ankalidziwa bwino kuposa ine.

Koma limene linandithyola ndi 2 Akorinto 12. Minga m'thupi. Paulo akunena yekha kuti inaperekedwa kuti asadzikweze chifukwa cha mavumbulutso amene anaona. Anapempha katatu kuti ichoke. Yankho lake linali loti chisomo changa chikukwanira, ndipo mingayo inakhala. Taganizani, nthenda yokhalitsa inali mankhwala a kunyada, pamene ine ndinauzidwa kuti ndichotse nthenda mwa chionetsero kuti ndioneke wodzichepetsa. Zimene ndinachita paguwa paja dzina lake lili pa Mateyu 4, pamene Satana anaika Yesu pamwamba pa kachisi n'kumuwerengera vesi, vesi lenileni la m'Masalimo, kuti dziponye pansi angelo akugwira. Yesu anati usamuyese Ambuye Mulungu wako. Ine ndinadziponya.

Ndipo insulini ameneyu sanachokere kumidima. Anamupeza ku Toronto, ku Canada, mu 1921, ofufuza otchedwa Banting ndi Best, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anali woyamba kubayidwa n'kukhala ndi moyo. Zisanachitike zimenezo ana odwala shuga ankangofa makolo akuona, makolo opemphera ndithu. Munthu aime pagome n'kunena kuti chimenecho ndi fano? Ndimapsa mtima ndikaganiza. Munthu yemweyo amavala magalasi powerenga Ahebri 13:17.

Kumvera ndinakuphunzira mochedwa. Ahebri 5:8 amati Yesu, ngakhale anali Mwana, anaphunzira kumvera ndi zimene anamva kuwawa, ndipo ku Getsemane nayenso anapempha katatu, chikho sichinachoke. Kwa ine kumvera lero ndi kutsina khungu la pamimba 6 koloko m'mawa, kubaya, n'kunena zikomo, tsiku ndi tsiku, popanda woomba m'manja. Ndi kuyang'ana pansi pa mapazi ndi kagalasi usiku uliwonse ngati mwana wasukulu. N'kovuta kuposa kusala masiku 21, ndikukuuzani, chifukwa palibe umboni wokapereka.

Tsopano inu achemwali. Mankhwala pitirizani, zimenezo tatha. Koma musathamangire kutuluka mumpingo, ndipo abusa anu musawanyoze pa Facebook ngati mmene ndachitira inemu, ndi atsogoleri anu ndithu, adzayankha okha kwa Mulungu. Pitani mukaonane nawo mwaulemu, mutenge mayi wina wachikulire akhale mboni, chifukwa mawa adzati sananene. Akakamba za kunyada musatseke makutu, mwina pali choona, kwa ine chinalipo chambiri. Muwamvere pa zonse zimene angakuonetseni m'Malemba, koma akafika pa botolo la mankhwala muwauze mofatsa mawu a Petro aja a pa Machitidwe 5:29, akuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Akakudzozani mafuta monga Yakobo 5 anenera, gwadani mulandire, ine mpaka pano akaitana odwala ndimapita kutsogolo ndi kuphazi kwangaku, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu akhoza kundichiritsa usiku uno. Akatero adokotala adzaona okha pa zoyeza zawo n'kundiuza kuti siyani, monga Yesu anatumira akhate khumi aja kukadzionetsa kwa ansembe. Kusala ndimasalabe, theka la tsiku, adokotala amandikalipira, inu musanditengere pamenepo musanawafunse anu.

Ndipo muwakhululukire. Ndikunena chonchi koma ine ndikawaona abusa aja patali ndimawolokabe msewu, zaka 6 tsopano. Mwana wanga uja mpaka lero salowa m'tchalitchi, ndipo ndikamuyamba nkhani ya Mulungu amangoyang'ana phazi langa. Chimenecho ndi chimene chimandipweteka kuposa zala. Ngati muli ndi ana m'nyumba, auzeni lero lomwe kumene mumasunga mankhwala ndi nambala yoti aimbe mukagwa, ndipo muwauze kuti tsiku limenelo ngakhale inu mwini mutati mvera, asamvere. Ndilembereni ku inbox ngati mukufuna tilankhule, ndiyankha ndikamaliza kubaya wamadzuloyu.