Tayala limodzi linandigoneka pa Zalewa

Achimwene, musayerekeze. Mukufunsa zoika tayala limodzi latsopano pakati pa atatu akutha, pa Subaru Forester? Ine ndinachita zomwezo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la oilo wopserera mutu umandiwawa.

Yanga inali ya automatic, yochokera ku Japan, matayala 215/60 R16. Ndinagwera m'dzenje nditangopitirira Dedza, lakumbuyo kumanzere n'kung'ambika m'mbali, losamatika. Mnyamata wogulitsa matayala ndinamufunsa ndithu ngati kuika limodzi kulibe vuto. Akuti, "Bwana, tayala ndi tayala, bola saizi." Anandiseka kumene. Ndinalipira, ndinamuwonjezera ya fanta. Ya fanta, abale!

Patapita miyezi ingapo galimoto inayamba kuvuta pokhota pang'onopang'ono. Ukamaimika pa shopu imvekere gudu gudu, ngati wina wakoka handbrake. Makaniko wanga sanagwade n'komwe kuti aone matayala. Akuti CV joint. Tinasintha zonse ziwiri. Akuti ma bush. Tinasintha. Ndalama zikungopita, iye akungonenepa.

Ndiye linafika tsiku lija. Okutobala, dzuwa loswa mtengo, ndanyamula apongozi aakazi ndi madamu kupita ku chinkhoswe ku Blantyre, kumbuyo kuli madengu a ufa ndi nkhuku ziwiri zamoyo. Titangowoloka mlatho wa Shire, getsi la AT OIL TEMP, lochenjeza za oilo wa m'giyabokosi, linayamba kuphethira. Kenako fungo. Kenako galimoto yonse kunjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo kumavina. Ndinaima pambali. Apongozi anatsika osanena kanthu, anayala chitenje pansi pa mtengo n'kukhala. Maola atatu. Nkhuku zili wefuwefu, kukamwa yasaa. Madamu sakundiyang'ana. Makaniko uja foni ikungoitana, kenako anaithimitsa. Patapita nthawi apongozi anangoti, "Paja bambo munati galimotoyi ndi yolimba?" Mawu amenewo okha. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinawakweza minibasi pamodzi ndi nkhuku zawo, ine n'kutsala ndi anyamata ena amene amafuna kukoka galimotoyo atanyamula matayala akutsogolo okha. Mwamwayi dalaivala wina wa lole anawakalipira kuti galimoto ya AWD, yokoka ndi matayala onse anayi, siikokedwa choncho, imakwezedwa yonse. Ndinafika mu Blantyre usiku, chinkhoswe chitatha kalekale.

Mdala wina wokonza ma Subaru ndi amene ananditsegula m'maso. Sanatenge sipanala. Anatenga chingwe, anazunguliza tayala latsopano lija, anaika chizindikiro, n'kuzunguliza lakale. Kusiyana pafupifupi masentimita 3. Akuti a Subaru eni ake amafuna kuti kusiyana kozungulira tayala kusapitirire mamilimita 6 kapena apo. Latsopano mizere yake imakhala yakuya mamilimita ngati 8, anga akale anali atatsala ndi 3. Tayala lakutha ndi laling'ono, ndiye limazungulira kwambiri kuti lifanane ndi linzake, pa saizi yanga kasanu ndi kawiri pa kilomita iliyonse. Lilongwe mpaka Blantyre ndi makilomita opitirira 300, werengani nokha. Galimoto imaona ngati tayala lina likuterereka m'matope, ndiye transfer clutch ya m'giyabokosi, imene imapereka mphamvu ku matayala akumbuyo, imangokhalira kugwira ndi kukhulana pamsewu wouma, mpaka imapsa. Ndalama imene ndinawononga ikanagula matayala anayi atsopano, n'kutsala chenji chambiri.

Mnyamata wa matayala uja ndinamupitira. Akuti sakundikumbuka. Anthu amenewa amangodziwa Corolla ndi Sienta, akaona galimoto ya matayala anayi okoka amaitenga chimodzimodzi. Ndipo makaniko amene amasintha zinthu mongolota, osayeza, ameneyo ndi wakuba basi, kungoti wavala ovolosi.

Ndiye inu gulani anayi, mtundu umodzi, tsiku limodzi, muziwasinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo pa makilomita 10,000 aliwonse, mpweya uzikhala monga zalembedwera pa chitseko cha dalaivala. Ngati atatu anuwo akadali atsopanotsopano, kusiyana kwa mizere kosapitirira milimita imodzi, limodzi la mtundu womwewo likhoza kulowa. Yezani, osangoona ndi maso. Amene muli ndi X-Trail ija ya batani la 2WD, loti izikoka ndi matayala awiri okha, muli ndi pothawira pang'ono, ndipo ma Forester akale a automatic ali ndi malo a fuse olembedwa FWD mu boneti, oti muikemo fuse mukamayendera sipeya kuti izikoka ndi akutsogolo okha.

Koma kunena zoona, thumba likakana, pitani pa kaunjika ndi chingwe chanu mukasake lakutha mofanana ndi anuwo. Onani manambala anayi omaliza pambuyo pa mawu oti DOT m'mbali mwa tayala, awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka chimene linapangidwa, musagule nkhalamba. Ine pano kutsogolo kumanja kuli la kaunjika, mtundu wina kumene, mwezi wachisanu ndi chiwiri uno, palibe chimene ndamva. Mdala uja anandiuzanso kuti mwina clutch yanga inabwera kale yotopa kuchokera ku Japan, tayala linangoimaliza. Kaya. Apongozi mpaka lero akamapita ku Blantyre amakwera basi.