Kusiya kusamba ndi BP: yankho kwa mayi a ku Luchenza

Mayi ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Ali ndi zaka 51, anasiya kusamba zaka ziwiri zapitazo, ndipo posachedwapa kuchipatala awapeza ndi BP yokwera, chikhalirecho sanadwalepo nthendayi. Mnzawo wa kutchalitchi wawauza kuti mahomoni atha m'thupi, angogula mapiritsi a estrogen, homoni ya amayi imene imachepa munthu akasiya kusamba. Akufunsa ngati atero.

Amayi, mnzanuyo waona bwino gwero la vuto, koma mankhwala walozawo si amenewo.

Mkati mwa mtsempha uliwonse wa magazi muli kakhungu kopyapyala kwambiri. Mu 1980, Robert Furchgott wa ku New York, poyesa mitsempha ya akalulu, anaona kuti kakhunguka kakapalidwa mtsempha umakana kufewa. Zinadzadziwika kuti kamatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umauza mtsempha kuti utakasuke magazi adutse bwino. Iye ndi anzake awiri analandira mphoto ya Nobel mu 1998. Estrogen amalimbikitsa kakhunguka kutulutsa mpweyawo, komanso amachepetsa mafuta oipa m'magazi. N'chifukwa chake amayi amene akusambabe sadwala mtima kawirikawiri ngati abambo a msinkhu wawo.

Mukasiya kusamba, nthawi zambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, chitetezochi chimachepa. Munaonapo paipi yothirira mbande za tiyi itagonera padzuwa miyezi yambiri? Imauma, siipindikanso. Mitsempha nayo imayamba kuuma chotero, mtima n'kumakankha magazi ndi mphamvu, BP n'kukwera. Ukalamba nawo umawonjezera.

Madokotala ambiri kale ankaganiza ngati mnzanuyo. Koma ku America kunachitika kafukufuku wamkulu, Women's Health Initiative. Mu 2002 anaimitsa gawo la amayi oposa 16,000 loyesa estrogen pamodzi ndi homoni ina yotchedwa progestin, chifukwa sitiroko, magazi oundana m'mitsempha ndi khansa ya m'mawere zinkachuluka mwa omwa mahomoniwo. Estrogen womwa amadutsira kuchiwindi, ndipo chiwindi chimawonjezera zinthu zoundanitsa magazi.

Ntchito imene imandigwira mtima ndi ya Howard Hodis wa ku University of Southern California, imene inatuluka mu 2016. Anatsata amayi 643, n'kumayeza kukhuthala kwa mtsempha wa m'khosi wopita ku ubongo. Mwa amene sanathe zaka 6 chisiyireni kusamba, estrogen anachedwetsa kukhuthalako. Mwa amene anali atatha zaka 10 kapena kuposa, sanathandize konse. Mtsempha ukawonongeka kale, homoniyu saubwezera. Inu muli m'gulu loyambalo, ndikudziwa, koma Hodis ankayeza khoma la mtsempha basi. Sanasonyeze kuti mapiritsiwa amatsitsa BP. Dokotala amawapereka makamaka kwa mayi amene akuvutika ndi kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ndipo amayamba waona BP ndi mbiri ya matenda ake.

Chonde musagule nokha. Bwererani kuchipatala, kaya ku Thyolo boma, ku Malamulo kapena ku Mulanje Mission, akakuyezeninso. BP ikamafika 140/90 masiku osiyanasiyana, landirani mankhwala a BP ndipo muzimwa tsiku lililonse, ngakhale mutu usakupweteka. Azakhali anga anasiya mankhwala atamva kuti apeza bwino, lero amayendera ndodo, dzanja lamanzere silinyamula ngakhale kapu. Sindifuna zimenezi zikuonekereni.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndiwo zonse. Soda wa m'therere ndi m'nkhwani nayenso ali ndi sodium, chinthu cha mu mchere chimene chimakweza BP, muchepetseni. Ngati pakhomo pali mwana wanu wamkazi amene amamwa mapiritsi olerera a Microgynon, mumutenge akayezetse BP limodzi nanu, chifukwa mapiritsiwo ali ndi estrogen.

Mukayezetsa mundilemberenso, mundiuze manambala ake.