Mafunso Anu: Kodi assay ton imodzi ndi ma maikrogalamu angati?

FUNSO: Akonzi zikomo, ine ndikuphunzira za migodi ndipo tangoyamba kumene zoyeza golide mu labotale. Mu buku lina lakale lomwe ndinabwereka akuti titenge assay ton imodzi ya mwala wopera, koma sikelo yathu imangowerenga magalamu, kenako pa pepala akufunanso ndilembe mu ma maikrogalamu. Ine ndimaganiza kuti ton ndi chimulu cha katundu chodzaza lole ndiye chikalowa bwanji mu kapoto kofanana ndi kapu? Mutu wazungulira, ndithandizeni.
Wophunzira wosokonezeka

YANKHO: Musade nkhawa, dzinalo ndi lomwe limapusitsa anthu. Assay ton si tani yeniyeni ayi, ndi kamuyeso kakang'ono koti mutha kunyamula pa chikhatho. Yomwe mabuku ambiri amatanthauza, makamaka ochokera ku America, imalemera magalamu 29.1667, kapena tinene magalamu 29 ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a galamu.

Ndiye masamu ake ndi awa. Galamu imodzi ili ndi ma maikrogalamu 1,000,000, choncho mungochulukitsa ndi miliyoni basi, assay ton imodzi ikukupatsani ma maikrogalamu 29,166,667 ukazungulitsa kumapeto chifukwa ma 6 akewo satha, amangopitirira. Mukatenga theka, zomwe anthu amachita kawirikawiri mwala ukakhala ndi golide wambiri, ndi 14,583,333. Ziwiri ndi 58,333,333. Pa kalukuleta musalembe 29 yokha kapena 29.2 pofuna kufulumira, mukalemba 29 n'kusiya 0.1667 ija mwataya kale ma maikrogalamu oposa 166,000.

Koma mwina mukudabwa kuti nambala yokhota chonchi anaitenga kuti, bwanji osangoti 30 zithe. Apa ndi pomwe ine ndimawagomera anthu akalewo. Miyala ankaiyeza mu short ton, yomwe ndi mapaundi 2,000, koma golide ndi siliva ankayeza mu troy ounce, yomwe ndi magalamu 31.1035. Paundi imodzi ili ndi ma grain (timiyeso ting'onoting'ono ta kulemera) 7,000 pomwe troy ounce ili ndi ma grain 480, ndiye chulukitsani 2,000 ndi 7,000 mugawe ndi 480, mupeza 29,166.67, kutanthauza kuti mu short ton imodzi muli ma troy ounce 29,166.67. Ndiye anangoti tiyeni titenge sampulo yolemera ma miligalamu 29,166.67, kuti miligalamu imodzi ya golide yomwe ituluke iyimire troy ounce imodzi pa tani. Kunalibe kalukuleta nthawi imeneyo, munthu ankangoika kambulu ka golide pa sikelo n'kuwerenga yankho pompo osagwira pensulo, nzeru zimenezo eti.

Chenjerani apa, ma assay ton alipo angapo. Ya long ton, tani ya ku Britain ya mapaundi 2,240, imalemera magalamu 32.6667 omwe ndi ma maikrogalamu 32,666,667. Ena amawerengeranso ya tani ya makilogalamu 1,000 yomwe imabwera pa magalamu 32.151. Kusiyana kwa yoyamba ija ndi ya long ton ndi 12 peresenti, si zochepa, ndiye onani kaye bukulo linalembedwa kuti ndipo akunena tani iti musanayambe kuchulukitsa.

Tsopano ndikukayikira pang'ono kuti chomwe aphunzitsi anu akufuna mu ma maikrogalamu si kulemera kwa sampuloyo. Palibe amene amalemba mwala wopera mu ma maikrogalamu 29 miliyoni pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, zingakhale ngati kuyeza ulendo wautali mu mamilimita. Chomwe chimalembedwa choncho ndi golide wotsala kumapeto. Mwala uja amausakaniza ndi mankhwala osungunulira omwe muli litharge, yomwe ndi okusayidi ya mtovu, n'kuika mu ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,000, mtovu umatsika pansi utakoka golide ndi siliva yense, kenako kachibulu ka mtovuko amakaotchanso mu kambale kotchedwa cupel komwe kamamwa mtovuwo ukasanduka okusayidi yosungunuka mpaka patsala kambulu kowala kochepa ngati mutu wa singano, nthawi zina kochepera pamenepo. Siliva amamuchotsa ndi nitric acid, chotsalacho ndiye golide, ndipo n'chopepuka kwambiri moti maikrogalamu ndi pomwe amagwira ntchito yake.

Tiyerekeze mwayamba ndi assay ton imodzi ya short ton ndipo mwapeza golide wa ma maikrogalamu 250. Miligalamu imodzi ndi ma maikrogalamu 1,000, ndiye amenewo ndi 0.25 miligalamu, yankho ndi 0.25 troy ounce pa tani. Mukafuna magalamu pa tani ya makilogalamu 1,000, gawani 250 ndi 29.1667 mupeza 8.57, chifukwa maikrogalamu imodzi pa galamu n'chimodzimodzi ndi galamu imodzi pa tani, ena amati ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni. Mukanasokoneza n'kugawa ndi 32.6667 bwenzi mutapeza 7.65, mwala womwewo koma mwauchepetsa mtengo. Ndipo mukatenga theka la assay ton musaiwale kuchulukitsa ma miligalamu aja ndi 2, ambiri amagwera pomwepa.

Malabotale ambiri masiku ano amangotenga magalamu 30 kapena 50 n'kulemba zotsatira mu magalamu pa tani, ndipo kunena zoona njira imeneyi ndi yosavuta. Koma malipoti akale a migodi adakali mu ma ounce pa tani, mukakumana nawo chulukitsani ndi 34.2857 ngati ili short ton kuti mupeze magalamu pa tani ya makilogalamu 1,000. Kawafunseni aphunzitsiwo kuti akufuna kulemera kwa sampulo kapena kwa golide, mudzatiuze zomwe ayankhe.