Azakhali, nyimbo ija ndi pemphero

Eee, Azakhali, mwaswera bwanji? Ndaliona funso lanu pagulupu, loti nyimbo ya vayolini ndinatumiza usiku ija ndi ya mpingo uti, nanga bwanji ikulira ngati kwagwa zovuta. Ndati ndingoyankha pakamwa, polemba zitalika.

Kuno tonse tili bwino, mtima m'malo. Nyimbo ija mizu yake ili m'chipembedzo cha Ayuda. Anaipeka Ernest Bloch, Myuda wobadwira ku Geneva mu 1880, yemwe anadzasamukira ku America. Anailemba mu 1923 pokumbukira malemu mayi ake, ndiye khutu lanu silinaname kwenikweni, chisoni chilimo ndithu.

Koma mundimvetse apa. Yonseyo dzina lake ndi Baal Shem, ili ndi zigawo zitatu, ndipo chomwe mwamva inucho ndi chapakati, chotchedwa Nigun. Dzina loti Baal Shem lachokera kwa Baal Shem Tov, yemwe anali mphunzitsi wa Ayuda kudera lomwe lero ndi Ukraine, anamwalira mu 1760. Otsatira ake, a Hasidi, amakhulupirira kuti ngakhale munthu wosaphunzira mabuku amafika kwa Mulungu ndi mtima wake komanso ndi nyimbo. Ndiye nigun ndi nyimbo yomwe kawirikawiri ilibe mawu, amangoti "yai dai dai", kubwerezabwereza, thupi likugwedezeka, mpaka kupempherako kulowe m'mafupa. Bloch anatenga mzimu umenewo n'kuupatsa vayolini.

Mukamamveranso, tcherani khutu poyambira paja. Piyano itsegula mwamphamvu, kenako vayolini ilowa ndi liwu lapansi, lokhuthala, ngati wotsogolera mapemphero m'sunagoge, ikwere, ikwere, mpaka liwu kuwonda ngati ulusi. Ine pamenepo ndimasiya chilichonse ndili nacho m'manja, zoona Azakhali. Ndipo oimba ndi awiri okha, palibe woimbitsa patsogolo. Wapiyano amayang'ana phewa la mnzake, akaona wakoka mpweya, alowera limodzi.

Chigawo choyamba, Vidui, ndi cha kuulula machimo, chachifupi, chofatsa. Chachitatu ndiye ndikufuna muchimve inuyo. Amati Simchas Torah, tsiku lomwe Ayuda amamaliza kuwerenga mabuku asanu a Mose a chaka chonse n'kuyambiranso ku Genesis, akuvina atanyamula mipukutu ya mabukuwo m'manja. Mmenemo mulibe misozi ayi. Ndikutumizirani madzulo ano ndikagula bandulo, mudzandiuze mmene mwaimvera.