Kwa mayi a kwaya amene mawu awo asasa: pitani mukapimitse

Zikomo amayi pofunsa poyera. Mwanena kuti mawu anu anasasa m'nyengo yozizira ndipo mpaka pano sanabwerere, kuti ku kwaya simukufikanso pamwamba pomwe munkafika kale, ndiponso kuti a ku kiliniki anakuunikani ndi tochi n'kunena kuti kukhosi kulibe kanthu. Tsopano dokotala wina wakulemberani kalata yoti mukapimidwe ndi chipangizo cha stroboscopy, ndipo mukufunsa ngati imeneyi ndi opaleshoni, komanso ngati ndi yofunikadi pomwe anzathu ena m'gulu muno akuti ingomwani jinja ndi uchi.

Ine ndine nesi, ndimagwira ntchito ndi madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi konkuno ku Johannesburg. Pitani amayi. Si opaleshoni. Sakugonetsani, sakuchekani pena paliponse, ndipo mukatuluka mudzakwera taxi nokha kubwerera kunyumba.

Tochi ija imaona lilime, matonsilo ndi kumbuyo kwa m'kamwa basi. Mawu sachokera kumeneko. Amachokera pansi, m'kholingo, kuseri kwa chotumphuka chapakhosi chija chimene chimaonekera kwambiri kwa abambo. M'menemo muli timinofu tiwiri toyang'anizana, madokotala amati vocal folds, ndipo kwa amayi sitifika n'komwe masentimita awiri kutalika kwake. Mukamapuma timatseguka. Mukamalankhula timakumana, mpweya wochokera m'mapapo n'kumatinjenjemeretsa. Choncho amene anakuuzani kuti kulibe kanthu sananame, kungoti anayang'ana pomwe tochi imathera.

Inu oimba muyenera kudziwa kuti munthu amene amatchuka kuti anayamba kuona timinofu timeneti tikugwira ntchito sanali dokotala. Anali mphunzitsi wa zoimba wa ku Spain, Manuel García, amene mu 1854 anadziyang'ana yekha m'kholingo pogwiritsa ntchito kagalasi ka dokotala wa mano ndi kuwala kwa dzuwa. Ankafuna kudziwa chimene chimachitika munthu akamaimba.

Koma kuona timinofu n'kosiyana ndi kuona mmene tikunjenjemerera. Bambo akamalankhula, timatseguka ndi kutseka ka 100 kapena kupitirirapo pa sekondi imodzi. Kwa mayi ndi pafupifupi ka 200. Inu a soprano mukakweza nyimbo, zimadutsa ka 500. Palibe diso limene lingatsatire liwiro limenelo. Ngakhale kamera wamba yolowetsa kukhosi imangoonetsa m'mphepete mwa timinofumo mosaoneka bwino, ngati mwachita chifunga.

Apa m'pamene stroboscopy imathandiza. Amakuikani kamaikolofoni pakhosi kuti kamve liwiro la mawu anu. Kenaka nyali ya kamera, m'malo mowala mosalekeza, imathwanima motsatira liwirolo koma mochedwerako pang'ono kwambiri. Kuthwanima kulikonse kumagwira timinofu tili pamalo osiyana pang'ono ndi pomwe tinali poyamba, ndipo zithunzizo zikalumikizana, pa kompyuta pamaoneka ngati tikuyenda mwapang'onopang'ono. Munaonapo vidiyo ya pa foni momwe mawilo a taxi yothamanga amaoneka ngati akuzungulira mwaulesi, mwinanso chobwerera m'mbuyo? Nzeru yake ndi yomweyo.

M'chipindamo zimachitika motere. Mumakhala pampando, n'kuweramira kutsogolo pang'ono, chibwano m'mwamba. Dokotala amakugwirani lilime ndi kansalu, n'kulowetsa m'kamwa kachitsulo kowongoka kokhala ndi kamera kunsonga. Sikatsikira kukhosi ayi, kamangoima kumbuyo kwa lilime n'kumayang'ana pansi. Akuuzani kuti munene "iiii" motalika. Lilime lili m'manja mwa munthu mawuwo satuluka bwino, musachite nazo manyazi, aliyense zimamuchitikira. Anthu amene sachedwa kuchita nseru amawalowetsa kachingwe kofewa kudzera m'mphuno, atawapopera kaye mankhwala ochititsa dzanzi. Mankhwalawo ndi owawa kukamwa ndipo misozi imatha kulengeza, koma ululu weniweni palibe. Njira ya m'mphunoyi ili ndi ubwino wake kwa inu, chifukwa pakamwa pamakhala pomasuka ndipo mutha kulankhula ndi kuimba akukuonani. Zonsezi ndi mphindi zowerengeka. Ngati anakupoperani mankhwala, mudikire dzanzi lithe musanadye kapena kumwa, kuopa kutsamwa.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi chimene dokotala amafufuza pa vidiyopo. Dokotala wa ku Japan, Minoru Hirano, anafotokoza m'zaka za m'ma 1970 kuti kamnofu kalikonse kali ndi mnofu wolimba m'kati ndi kakhungu kofewa pamwamba, ndipo kakhunguko kamayenda ngati funde pamwamba pa mnofuwo nthawi iliyonse mawu akamatuluka. Kukoma kwa mawu a munthu kuli pa funde limeneli. Ndiye dokotala amayang'ana ngati fundelo likuyenda mbali zonse ziwiri mofanana, ngati timinofu tikutsekana kwathunthu kapena pakutsala mpata wotulukira mpweya, ndi ngati pali malo ena amene auma osagwedezeka.

Izi ndi zimene zimasiyanitsa matenda ooneka ngati ofanana. Oimba, aphunzitsi, alaliki ndi ogulitsa malonda amene amakuwa tsiku lonse kawirikawiri amatuluka timatupa tiwiri, kamodzi mbali iyi kamodzi mbali inayo, moyang'anizana. Amati ma nodule. Funde limayendabe, ndipo ambiri amachira popanda mpeni, pongophunzitsidwa ndi speech therapist (katswiri wothandiza anthu pa mavuto a mawu ndi kulankhula) kagwiritsidwe ntchito kabwino ka mawu ndi mpweya. Koma kathumba kobisika pansi pa khungu, kamene amati cyst, kamatha kuoneka chimodzimodzi pa kamera wamba, chonsecho iko kamaumitsa mbali imene kali, ndipo nthawi zambiri kamafuna opaleshoni yaing'ono. Chipsera nacho chimaletsa funde. Malo oyera kapena okhakhala amene sakugwedezeka n'komwe amamuchenjeza dokotala kuti atengepo kachidutswa akapime ngati si khansa. Palinso pomwe mbali imodzi imafa ziwalo chifukwa mtsempha wake wavulala, mwina pa opaleshoni ya chithokomiro, mwina chifukwa cha chotupa m'chifuwa. Onsewa amafika kuchipatala ndi dandaulo limodzi, loti mawu asasa, koma chithandizo chawo n'chosiyana kutalitali.

Chipangizochi chili ndi malire ake. Chimadalira mawu okhazikika kwa masekondi angapo. Ngati mawu asasiratu n'kumadukaduka, nyali imalephera kutsatira ndipo chithunzi chimangogwedera. Pamenepo pamafunika kamera yothamanga kwambiri, yojambula zithunzi 2,000 mpaka 4,000 kapena kupitirira pa sekondi, koma imeneyi ndi yodula ndipo imapezeka m'malo ochepa, makamaka ochitira kafukufuku. Kwa inu amene mukulankhulabe ndi kuimbako, stroboscopy ikwanira.

Za jinja ndi uchi sindikuletsani, zimafewetsa kukhosi. Koma chilichonse chimene mumameza chimatsikira kum'mero, sichikhudza timinofu ta mawu. Chikanatikhudza mukanatsamwa. Chothandiza ndi kumwa madzi okwanira ndi kupuma nthunzi ya madzi otentha, makamaka kuno ku Joni komwe tili pamtunda wa mamita opitirira 1,700 ndipo mpweya wa June ndi July ndi wouma zedi, kuphatikizapo fumbi ndi utsi wa hita ya parafini m'zipinda zathu zazing'onozi. Musamanong'one poganiza kuti mukupumitsa mawu, ndipo chepetsani chizolowezi chokhosomola pofuna kuyeretsa kukhosi. Ngati mumamva chilungulira usiku, muwauze adokotala, chifukwa asidi wa m'mimba naye amakwiyitsa kholingo. Maantibayotiki nthawi zambiri sathandiza mawu osasa.

Kwa ena amene mukuwerenga mwakachetechete, makamaka abambo athu osuta fodya ndi omwa mowa, ndikukupemphani. Malangizo a 2018 a bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi (ENT) ku America amati mawu akasasa masabata anayi osasintha, kholingo liyenera kuonedwa ndi kamera. Musadikire n'komwe masabatawo ngati mukulavula magazi, mukuvutika kumeza kapena kupuma, mukuonda, kapena pakhosi patuluka chotupa. TB nayo imagwira kholingo, ndipo kuno ndi kwathu komwe TB ndi yochuluka. Khansa ya pa timinofu ta mawu imasasitsa mawu ikadali yaing'ono, ndipo ikapezeka nthawi imeneyo ambiri amachira. Zimandiwawa kuona bambo akufika atatha chaka akungoti ndi chimfine.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife timachita mphwayi ndi zipatala za boma chifukwa cha mizere ndi nkhani za mapepala. Komabe kalata muli nayo kale m'manja, musaisunge m'chikwama. Zipatala zikuluzikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Helen Joseph ku Auckland Park zili ndi madokotala a ENT. Tengani kalatayo, pasipoti yanu ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndipo mulawirire.

Mukalowa, nenani msanga kuti ndinu woimba komanso kuti vuto limakula mukakweza mawu. Pemphani kuti akuoneni mukutulutsa mawu apansi, apakati ndi apamwamba, mofewa ndi mokweza, chifukwa pali mavuto ena amene amabisala pa mawu olankhulira n'kuonekera pokhapokha munthu akaimba pamwamba mofewa. Pemphaninso kuti akuonetseni vidiyoyo ndi kuisunga, kuti mukadzabwerera pambuyo pa chithandizo adzafanizire. Pakadali pano auzeni a kwaya kuti mwayamba mwapuma kaye mpaka zotsatira zituluke.