Geni ya ku Dar mmene imayendera, kuyankha funso la achemwali

Achemwali, mwati mwasonkhanitsa kampamba ku banki m'khonde ndiye mukufuna muyambe kukaoda nsapato ndi zovala ku Tanzania, koma simukudziwa ngati phindu lilipodi kapena anthu amangokometsa pa Facebook. Ine msewu wa ku Dar es Salaam ndauyenda zaka 12, ana anga aphunzira ndi geni yomweyi, ndiye ndikuuzani mmene ndikuionera.

Ulendo wokha siwovuta kuufotokoza. Mukwera basi kudutsa Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga mpaka pa boda ya Songwe, mudinditsa pasipoti, muwoloka mlatho mwafika Kasumulu. Kuchoka apo ndi Tukuyu, Uyole, Iringa, mapiri a Kitonga, Mikumi, Morogoro kenako Dar, msana umachita kuphwanya. Viza sitifunika ife a Malawi koma khadi ya yellow fever musaisiye. Katundu timakagula ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar, ndipo mukangofika anyamata ena amawatcha mawinga akuthamangirani, iwowa alibe shopu, ntchito yawo ndikukutengerani kwa mwini katundu nkuikapo yawo pamwamba. Phunzirani mawu ochepa a Chiswahili, bei gani (zingati), punguza (tsitsani), makamaka jumla (mtengo wooda), chifukwa mtengo wa jumla ndi wa rejareja (wogula chimodzichimodzi) ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo akaona kuti ndinu mlendo akupatsani wachiwiriwo.

Koma chimene ndikufuna mumvetse musanagule tiketi ndi ichi, geni iyi mpikisano wake siwofanana, ndipo amene ali ndi zochepa ndi amene amalipira zambiri pa chinthu chimodzi chomwecho. Nsapato imene mukaigule ku Kariakoo siyosokedwa ku Tanzania ayi, yachokera ku China, ku Guangzhou kapena Yiwu. Yatuluka mu fakitale, yakwera sitima, yafika pa doko la Dar, mwini shopu waikapo yake, winga waikapo yake, inu muikapo transipoti ndi dyute ndi yanu, venda amene apikule kwa inu aikaponso yake, ndiye womaliza kulipira zonsezi ndi mayi wa ku Mchesi kapena kumudzi kwa Kabudula amene akugulira mwana nsapato ya kusukulu. Pomwe bwana wa shopu yaikulu m'tauni amaitanitsa kontena yathunthu kuchokera ku China komweko, manja onse apakatiwa iye wawadumpha. Nsapato yomweyo kwa iye yafika motchipa, kwa inu yafika modula, koma mukagulitsa msika umodzi, kasitomala mmodzi.

Ndiye pali nkhani ya forex, apa mpamene ambiri agwera. Dola ku banki ili ndi mtengo wa boma koma kuti akupatseni inu wa kampamba ndi zovuta kwambiri, ikapezeka imayamba yapita kwa a mafuta, a feteleza, a mankhwala ndi makampani amene ali ndi mapepala awo. Ife timathera kwa osintha ndalama pa boda, pa reti yawo, imene nthawi zina yakhala ikuposa kawiri ya ku banki. Mu May 2022 kwacha anaigwetsa ndi 25 peresenti, mu November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti. Pamene ankaigwetsa kachiwirika ine ndinali nditakongoza katundu wanga yense kwa aphunzitsi ndi ma nesi kuti adzandipatse pakutha pa mwezi, ndipo anandipatsadi onse, palibe anandithawa, koma ndalama ija nditaisintha kukhala ma shilling sinakwanenso kugula katundu amene ndinali naye poyamba. Pa pepala ndinapindula, m'chikwama mpamba unachepa. Kuyambira pomwepo phindu sindimaliwerengera mu kwacha, ndimaliwerengera mu katundu. Ngati munaoda mapeyala 100 a nsapato, mukagulitsa dzifunseni kuti ndalama iyi lero igula mapeyala angati, ikagula 100 okha ndiye kuti mwangoyenda ulendo wa ulele. Mavenda a kaunjika aja anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025, chinawatulutsa mumsika ndi chomwechi, mtengo wa belo kumangokwera iwo asanamalize kugulitsa belo lakale.

Zimandiwawa ndikamaganiza kuti thonje timalima konkuno, ku Balaka, ku Chikwawa, ku Salima, amayi athu ankavala chitenje cha David Whitehead cha ku Blantyre, koma lero ine ndikuyenda makilomita oposa 1,000 kukatenga chitenje ndi malaya opangidwa kutali, ndi dola imene dziko lalirira pogulitsa fodya. Anthu ena amati ife ndi amene tikutha forex. Ine ndimati tipatseni katundu wa konkuno wa mtengo umene kasitomala wanga angakwanitse, sindidzakweranso basi usiku wonse.

Za msonkho. Ku MRA mukalengeza katundu wanu, muonetsa malisiti, awerengera dyute ndi VAT. Mumva anthu akunena za STR, ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko ena a mu Africa, yothandiza ife a geni zing'onozing'ono, yoti katundu wosapitilira mtengo umene anaika adutse ndi fomu yachidule osalipira dyute. Ndi yabwino koma muidziwe malire ake. Imagwira ndi maiko ngati Zambia ndi Zimbabwe, Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000. Komanso katunduyo akhale pa mndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana ndipo akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko lomwelo, ndiye nsapato ya ku China ngakhale muigule ku Kamwala ku Lusaka siilowa mmenemo. Ambiri a ife katundu sitikwera naye basi, timamusiya kwa ma transporter ku Dar, iwo amaphatikiza wa anthu ambiri mu lole imodzi nkukiliya limodzi, inu mudzangolandilira kuno. Njira zachidule zowoloka mtsinje usiku zilipo ndipo akuuzani kuti ndi zotchipa, ine ndinaona mnzanga atalandidwa zonse, mpamba wa ngongole, mpaka pano sanadzukenso.

Mukaonetsetsa geni yonseyi ikuyendera kukhulupilirana, palibe kontrakiti imene timasainirana. Mwini shopu wanga ku Kariakoo ndimamutumizira ndalama nditangoona zithunzi pa WhatsApp, iye amapereka katundu kwa transporter, transporter amandipatsira ine, ndipo chimene chimatigwira tonse ndi dzina basi, ukabera mmodzi mawa gulu lonse ladziwa. Koma kuti mufike pamenepo pamatenga zaka, ndipo apanso pali kusiyana. Amene mayi ake kapena azakhali ake anali kale mu geni amalowa atapeza manambala, malo ogona, reti yabwino, nthawi zina katundu wa pangongole. Anzathu a ku Karonga Chinkhonde chawo chimamvana ndi Chinyakyusa cha tsidya linalo, ena ali ndi abale ku Kyela, boda inawapeza ali kale pachibale, ndiye kwa iwo kuwoloka Songwe kuli ngati kupita kwa amalume. Inu wobwera nokha mulipira sukulu kaye, musadabwe.

Boda nayo imatha kutsekeka inu muli pakati. Mu March 2025 boma lathu linaletsa kulowetsa zinthu zina monga mpunga, ufa ndi zipatso, mu April Tanzania nayo inabweza nkuletsa zokolola za ku Malawi. Tanzania inachotsa chiletso chake patangotha masiku ochepa kuti akambirane, koma nthochi ndi tomato sizidikira zokambirana, amene anataya ndi azimayi a madengu ndi timatumba, osati amene anasaina makalatawo.

Poti ndinu mzimayi ndikuuzeninso ichi. Pa boda ina munthu wina wa yunifomu anandisungira pasipoti maola ambiri akufuna ndimupatse nambala yanga, ndinalira tsiku limenelo, anandithandiza ndi amayi ena achikulire amene anakana kukwera basi mpaka nditatuluka. Kumudzinso mumva akuti azimayi a geni ndi oyendayenda, pomwe fizi ya ana awo omwe akudzabwereka kwa inu. Kambiranani bwinobwino ndi akunyumba musanayambe.

Ndiye ngati mtima ulipobe, ulendo woyamba musapite nokha, pezani mayi amene wayendapo mumulipilire ngakhale chakudya cha panjira. Tengani theka la mpamba, theka linalo lisiyeni, chifukwa ndalama ya banki m'khonde ili ndi chiwongola dzanja ndipo siidikira kuti lole yachedwa, ya katapila yokha musaiyandikire nkomwe. Sankhani mtundu umodzi wa katundu umene muli kale ndi anthu oti agule, nsapato za ana a sukulu zimayenda teremu ikamatsegulidwa. Lembani chilichonse m'kope, ngakhale ya kabaza ndi ya chimbudzi pa boda, lisiti lililonse mulijambule pa foni, ndipo ndalama muigawe malo atatu pathupi panu musanakwere basi.