Vinyo wosunga zaka: yankho kwa achimwene opita ku Cape Town

Achimwene, mwafunsa kuti mukagule vinyo wanji ku Cape Town woti musunge kuno ku Mzuzu mpaka mwana wanu adzamalize sukulu zaka 8 zikubwerazi. Ndikuyankha ngati munthu amene anawonongapo mabotolo atatu.

Si vinyo aliyense amene amakoma akakhalitsa. Wambiri wa m'mashopu ndi womwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Wosunga ndi wofiira wamphamvu, monga Cabernet Sauvignon kapena Pinotage wabwino. Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa komweko, imene katswiri wa mphesa Abraham Perold anaipeza mu 1925 pophatikiza mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut. Vinyoyu akakhala watsopano amamanga mkamwa ngati tiyi wopanda shuga wokhalitsa m'ketulo. Kumangako ndiye kumamusunga, ndipo zaka zikamapita kumafewa.

Mukafike ku Stellenbosch, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mu Cape Town. Kumeneko a munda wa mphesa wa Kanonkop ndi akatswiri pa Pinotage. Nthawi ikachepa, Groot Constantia ili mu Cape Town momwemo, munda wa mphesa umene unayamba mu 1685. Mumalipira kangachepe, n'kukuthirirani pang'onopang'ono mitundu ingapo kuti mulawe. Musachite manyazi, mufunse wothirayo kuti botolo limenelo lingapirire zaka zingati. Mukagule atatu a mtundu umodzi ndi chaka chimodzi, kuti lina mudzatsegule pakatikati n'kumva mmene akuyendera.

Koma nkhani yaikulu ili kunyumba. Anthu amati Mzuzu ndi kozizira, inde, mu June ndi July. Nanga October? Ine mabotolo anga ndinawaimika pamwamba pa kabati, nyumba ya malata yopanda siling'i ku Chibavi. Patapita zaka zitatu ndinapeza vinyo atadontha m'mbali mwa chotsekera, khosi la botolo likumata. Nditathira m'tambula, mtundu unali wofiirira ngati madzi a m'chithaphwi, fungo la zipatso zopsereza. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkasungira tsiku la chinkhoswe cha mchemwali wanga.

Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 15, koma chimene amadana nacho kwambiri ndi kutentha masana n'kuzizira usiku. Mupeze chipinda chamkati chosafika dzuwa, pansi penipeni pa simenti, kutali ndi khitchini. Mabotolo muwagoneke chammbali m'katoni yake yomweyo kuti chotsekera cha cork chisaume, chifukwa chikauma mpweya umalowa. Mufiriji ayi: mumazizira mopitirira, ndiye magetsi akazima n'kutenthanso. Chinyezi chathu cha kuno chimathandiza chotsekera, kungoti chimadya pepala la pabotolo, choncho mulikulunge ndi kapulasitiki.

Ngati mukubwera pa basi, katoniyo isakhale kufupi ndi injini. Kutentha kwa ku Tete kukhoza kumupha vinyoyo asanaone n'komwe Chikangawa.